Dziwe la Kuseri kwa Nyumba ya Achimwene

Sindinakondepo ayezi. Ndinakulira ku Dedza, kumene anthu amanyadira kuzizira kwa mwezi wa June ngati chuma chosiyiridwa ndi makolo, koma chisanu cha kwathu chimangowaula masamba a mbatata m'dimba n'kuthawa dzuwa likatuluka. Sichiumitsa madzi mpaka munthu kuimapo. Nditabwera ku Hyattsville, m'chigawo cha Maryland ku America, kudzagwira ntchito ya unamwino, ndinaphunzira msanga kuti kuno kuli miyezi imene nthaka imasanduka galasi, ndipo miyezi imeneyo inkatidzazira wodi ndi nkhalamba zothyoka chiuno, zimene mlandu wawo unali kungotuluka pakhomo kukataya zinyalala. Choncho tsiku limene mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera ku phwando la mnzake n'kunena kuti akufuna kuphunzira kutsetsereka pa ayezi, ndinamuyankha kuti anthu anzeru amathira mchere pa ayezi, sapita kukavinapo.

Sanalire, pakuti sindinamulere wolira. Anapita kwa bambo ake, ndipo bambo akewo, amene ndi munthu wofatsa mopitirira muyeso, anandinyengerera mpaka ndinatopa. Ndinavomera, koma ndinaika malire: adzatsetsereka ku rinki kokha, pamaso pa aphunzitsi, ine ndili pomwepo.

Rinki ndi chinyumba chachikulu ngati shedi ya fodya, ndipo m'kati mwake muli bwalo la ayezi lozunguliridwa ndi mpanda wofika m'chifuwa. Ndinadana nayo kuyambira pa khomo. Fungo lake ndi la mapazi a anthu ambirimbiri amene abwerekana nsapato, losakanikirana ndi la mphira woyalidwa pansi ndi la mafuta okazingira tchipisi amene anayenera kutayidwa kalekale. Nyimbo zimalira mogonthetsa m'khutu. Anthu amazungulira mbali imodzi yokha, ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, mpaka mlonda ataimba wenzulo kuti onse atuluke, galimoto yosalaza ayezi ilowe. Makolo amakhala pa mabenchi ozizira atafumbata makapu a khofi, ndipo ndinaona ndi maso angawa ana akuwakalipira makolowo chifukwa chomanga zingwe za nsapato mothina, makolo n'kumapepesa. Amayi ena ankayesa kucheza nane. Mafunso awo anali amodzimodzi chaka ndi chaka: kwathu ndi kuti, kodi kumagwa sinowo, ndipo ndani amaluka tsitsi la mwana wanga. Ndinkayankha mwaulemu ndi mwachidule, ndipo patapita nthawi anandisiya.

Komabe chinalipo chinthu chimodzi chimene chinandikhazika pa benchi imeneyo zaka zonsezo. Nyengo ina yotentha anasungunula bwalo lonse kuti akonze zina, ndipo ndinasuzumira. Pansi pake panali konkire, yosalala ndi youma. Ayezi yense amene ana athu ankaulukapo anali wopyapyala, womatirira pa konkirepo ngati phala pa mbale. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Munthu akagwa pa rinki, ali ndi polekezera. Mwana wanga anang'ambika chibwano kamodzi, anasokedwa. Anabinya dzanja, ndinamumanga ndekha. Mabala otere ndimawadziwa, ndipo sandiopsa. Ndinaphunzitsidwa kuwasamalira.

Mwanayo anakula nako kutsetserekako mpaka anakhala katswiri ndithu. Ankatha kuzungulira pa mwendo umodzi mpaka nkhope yake kusaonekanso. Sindinkamuyamikira pamaso, chifukwa mwana woyamikiridwa pafupipafupi amayamba kuyenda ndi mapewa. Ku rinki anali wa ku America ngati anzake, koma akangolowa m'nyumba mwanga ankadziwa kumene wachokera. Ankalandira chinthu ndi manja awiri. Ankagwada popereka madzi kwa alendo. Chichewa ankamva chonse, ngakhale kuti ankayankha m'Chingerezi, ndipo m'chinenero chilichonse mwa ziwirizi sanauzepo munthu wamkulu kuti ayi. Kutchalitchi amayi anzanga ankamuloza pouza ana awo mmene mtsikana amayenera kukhalira, ndipo ndinkaona kuti akunena zoona.

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwa amayi athu, ndiwo anatsogola kubwera ku America. Anakhala zaka zambiri ku Minnesota, kumpoto kwa dzikoli, kumene nyanja zimauma mpaka anthu kuyendetsapo galimoto, ndipo kumeneko anakwatira mkazi wa ku Lusaka, mlamu wanga, munthu wansangala amene sindinayambanepo naye. Malume athu atamwalira kumudzi, umwini mbumba unagwera iwo. Sindinatsutse. Ndiwo anandilandira pa bwalo la ndege, ndiwo anandigulira jekete loyamba, ndipo mwana wanga atabadwa, ndiwo anapereka dzina. Pamene anasamukira ku Upper Marlboro, kufupi nafe, ndinakondwera kuti mwana wanga adzakula akuona malume ake.

Sindinadziwe kuti abwera ndi chipembedzo chatsopano. Munthu amene anakula akuthamangitsa mbuzi m'mapiri a Dedza tsopano ankalankhula za ayezi ngati anabadwira pamenepo. Ndinawatenga kamodzi kukaonerera mphwawo ku rinki. Anakhala manja ali m'thumba, ndipo potuluka anati:

"Chemwali, mwanayu ali ndi mphatso, koma ukumuphunzitsa kuvina m'firiji."

"M'firijimo ndi mmene muli aphunzitsi, achimwene."

"Aphunzitsi a chiyani? Kuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu? Ayezi weniweni ali panja. Kumwamba thambo, pansi madzi akuyankhula. Ukaponda umamva akulira, uuu, mpaka tsidya. Mwanayu sanalawepo kutsetsereka, wangonunkhiza."

Mawu akuti pansi madzi ndinawamva bwino lomwe. Ndinasintha nkhani. Koma nkhaniyo inkabwerera pa chakudya chilichonse, pa maliro ngakhale pa ubatizo, ndipo nthawi iliyonse achimwene akamasimba za nyanja za kumpoto, za mabango ouma otuluka m'ayezi, za nsomba zooneka pansi pa mapazi, mwana wanga ankasiya kutafuna.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli dziwe. Si dziwe la Mulungu. Analikumba omanga nyumba za m'deralo kuti muzigwera madzi a mvula ochokera m'misewu, ndipo mbali imodzi kuli chipaipi chachikulu chotha kulowamo mwana ali chiimire. M'chilimwe limanunkha, ndipo atsekwe amaipitsa udzu wonse wozungulira. M'mphepete mwake muli chikwangwani choletsa kusambira, kuwedza ndi kutsetsereka. Zaka zambiri dziwelo limangochita kachikopa kopyapyala m'mawa, n'kusungunuka masana, pakuti dera lino si Minnesota. Kuzizira kwa kuno n'kosadalirika, lero mphepo yoluma, mawa mvula.

Chaka chimene mwana wanga anayamba sekondale kunabwera chisanu chimene ngakhale obadwira kuno anachidandaula. Mapaipi anaphulika m'nyumba zambiri, ndipo sukulu zinatsekedwa. Kumapeto kwa chisanucho achimwene anaitana anthu a kutchalitchi kwathu, Amalawi ndi Azambia omwe, kuti tikadye kwawo Lamulungu tikaweruka mapemphero. Potsitsa mphika wa nyemba m'buti mwa galimoto, ndinaona chikwama cha nsapato za mwana wanga, zija za mpeni kunsi.

"Izi zikutani muno?"

Mwana wanga anayang'ana pansi n'kuyankha m'Chingerezi kuti amalume anamuimbira foni dzulo, anamuuza kuti abwere nazo.

Achimwene anaimbira mwana, osati ine. Ndinatseka buti ndi mphamvu yoposa imene inafunika.

Titatha kudya, achimwene anaomba m'manja n'kulengeza kuti ali ndi choti ationetse. Anthu onse anavala majekete, ndipo tinatsika ndi kanjira ka kuseri, amayi akugwirana manja ndi kuseka chifukwa cha kuterera. Sindidzanama kuti dziwelo linali loipa m'maso. Linali litauma kuchokera gombe ili kufika linalo, dzuwa la masana likunyezimirapo, ndipo kunali zii, popanda nyimbo kapena wenzulo. Mabango anali ataima njo, atagwidwa m'chiuno ndi ayezi. Masamba ofiira amene anayoyoka chisanu chisanayambe ankaoneka m'kati ngati asungidwa m'botolo. Pa rinki palibe choyang'ana koma zikwangwani za malonda. Apa panali thambo lonse. Ndinamvetsa chimene chinkamusiyitsa mwana wanga kutafuna, ndipo kumvetsako kunangowonjezera chidani changa, monga mmene munthu amadera njoka yokongola.

Ndinaonanso zina. Kufupi ndi chipaipi ayezi anali wakuda bii, ndipo atsekwe angapo anali atakhala pamenepo mozungulira kachithaphwi kosauma. M'misewu yonse ya m'deralo munali moyera ndi mchere umene anathira sabata imeneyo, ndipo mchere wonsewo njira yake ndi ya m'chipaipimo. Kuyambira dzulo lake mphepo inali itafewa, madenga a nyumba akudontha.

Achimwene anatola chidutswa cha njerwa n'kuchiponya m'mwamba. Chinagwera pa ayezi, chinalira ngati belu, n'kutsetsereka mpaka pakati. Anthu anaomba m'manja. Kenako anakhala pa chitsa, anavala nsapato zawo zakale zakuda, anaponda, anadinda mwendo kangapo, n'kunyamuka. Bambo wa imvi, wa mimba, amene pa nthaka amayenda ngati wasenza thumba la chimanga, pa ayezi anasanduka mbalame. Manja kumbuyo, thupi litapendekeka, mipeni ikulemba mizere yoyera. Dziwe linalira pansi pawo kulira kuja ankatiuza, kotalika, kochokera m'mimba. Amayi ena analulutira.

Anabwerera kugombe akupuma mwamphamvu, nkhope ikuwala.

"Mphwanga! Vala. Lero uone chimene amayi ako akhala akukubisira."

Ndinasendera pafupi nawo. Ndinawerama pang'ono monga mwa mwambo, ndipo ndinatsitsa mawu kuti alendo asamve.

"Achimwene, ndapota nanu. Dziwe ili si la kumpoto kuja. Taonani kuchipaipi kuja mmene kwadera. Madzi a mchere akulowa pansi, ndipo kwatentha kuyambira dzulo."

"Wandiona ndamira?"

"Simunamire. Koma ayezi sauma mofanana paliponse, ndipo mwanayu sanapondepo pa dziwe. Sadziwa popewa."

"N'chifukwa chake ndilipo ine." Anakweza mawu kuti onse amve. "Tamverani adokotala athu! Aphunzira za malungo ku Blantyre, lero akundiphunzitsa ine za ayezi!"

Anthu anaseka, osati mwankhanza, koma anaseka. Mlamu wanga anandigwira pamkono.

"Mulamu, osayopa so. Aba bantu bankhala ku Minnesota zaka zingati? Baziba vintu ivi. Lekani mwana asangalaleko pang'ono chabe."

Ndinatembenukira kwa amuna anga. Anali ataima kumbuyo kwa gulu, akuyang'ana atsekwe ngati sanaonepo mbalame.

"Bambo a mwana, simulankhulapo?"

"Eni ake alankhula," anatero motsitsa. "Ine ndine mkamwini."

Mkamwini ku Maryland, m'dziko limene dzina lawo ndi limene lili pa chikalata cha kubadwa kwa mwanayo.

Mwana wanga anali atakhala kale pa chitsa, akumanga zingwe. Ndinagwada pambali pake ngati ndikumuthandiza. Ananong'ona m'Chingerezi kuti ayeziyo sakuoneka bwino, ndi wotuwa, ndipo pamwamba pake pali madzi. Ndinamufunsa ngati akufuna kupita. Anandiyang'ana modabwa, ngati ndamufunsa funso lopanda tanthauzo, n'kunena kuti amalume anena. Anamaliza kumanga, anaimirira, anatsika m'mabango, n'kuika mpeni woyamba pa ayezi. Achimwene anali atabwerera kale m'kati, akumukodola ndi manja onse awiri, ndipo kumene ankamukodolerako kunali kumbali ya chipaipi, chifukwa kumeneko ndi kumene kunali kosalala kwambiri.

Ndasamalirapo munthu wovuulidwa m'madzi ozizira. Sindifotokoza mmene amaonekera. Ndingonena kuti wogwera pansi pa ayezi sabwerera pa bowo limene analowera, ndi kuti pa gombe lonselo panalibe chingwe, makwerero, kapena munthu mmodzi wodziwa kusambira atavala jekete. Panali azimayi a chigwirizano ovala nsapato za kutchalitchi.

Ndinaimirira. Ndinatulutsa foni m'thumba n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aione.

"Achimwene! Mwanayo akangosuntha kuchoka pamene waimapo, ndikuimbira apolisi. Ndiwauza kuti pali bambo akulowetsa mwana wanga pa dziwe loletsedwa."

Wobadwira kuno sangamvetse kulemera kwa mawu amenewo. Ife sitiitanirana apolisi. Timamenyana, timabisirana maliro, timatha zaka osalankhulana, koma nkhani zathu zimathera m'chipinda chochezera, pamaso pa akuluakulu a mpingo. Pa gulu limenelo panali anthu amene mapepala awo anali asanalongosoke, ndipo ndinaona ena akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, kulunjika ku magalimoto. Panalinso amuna akuda amene amadziwa chimene chingachitike galimoto ya apolisi ikaima pakhomo. Zonsezi ndinkazidziwa pamene ndinkakweza foniyo. Ndinasankha mawu amenewo chifukwa ndiwo okha akanaimitsa achimwene, ndipo anawaimitsadi.

"Bwera kuno," ndinauza mwana wanga. Anayang'ana malume ake, anayang'ana ine. Anatuluka, anakhala pa chitsa, n'kuyamba kumasula zingwe misozi ikugwera pa zala.

Achimwene anatembenuka. Anapita molunjika pakati pa dziwe, anapitirira mpaka kufupi ndi atsekwe, amene anauluka akulalata, ndipo pamenepo analumpha m'mwamba n'kutera ndi miyendo yonse iwiri. Analumphanso. Ayezi analira, koma sanasweke. Anabwerera mosafulumira, anaima patsogolo panga, mipeni ikupala ayezi mpaka kundiwaza m'miyendo.

"Waona?" anatero.

Ndinaona. Sanamire, sananyowe ngakhale sokosi. Amene akuyembekezera kuti ndisimba zoti dziwe linatseguka n'kundichitira umboni alakwitsa nkhani. Linawanyamula, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti linatero. Koma kuwoloka msewu utatsinzina n'kufika tsidya wamoyo sikusandutsa kutsinzina kukhala nzeru.

Pobwerera ku Hyattsville m'galimoto munali ngati mwanyamulidwa maliro. Mphika wanga wa nyemba unatsala komweko. Amuna anga analankhula kamodzi kokha, pa maloboti, kuti ndawachititsa manyazi. Mwana wanga anatsamira pazenera, ndipo titafika anandiuza kuti sadzapondanso kutchalitchi. Ndinamuuza kuti adzapita, ndipo anapitadi.

Nkhani inafika ku Dedza ife tisanavule majekete. Mawa lake foni inayamba kulira, abale amene sanandifunsepo za moyo wanga akufuna kudziwa ngati n'zoona kuti ndamangitsa achimwene. Pofika pakati pa sabata, kumudzi kunamveka kuti anagona m'chitokosi. Amayi aakulu, mkulu wawo wa malemu amayi athu, amene ndiwo okha atsala pa m'badwo umenewo, analamula kuti tikumane.

Tinakumana Loweruka m'chipinda chochezera cha achimwene. Iwo anakhala pa mpando wawo waukulu, mlamu pambali, amuna anga pafupi ndi khomo. Ine ndinakhala pansi pa kapeti, miyendo nditatambasula, nditavala chitenje. Foni anaiika pa tebulo, ataitsamiritsa ku botolo la maluwa, ndipo m'menemo munali nkhope ya amayi aakulu, atayandikira kwambiri moti tinkangoona mphuno ndi duku. Pa zenera la kumbuyo kwawo kwa achimwene dziwe linkaoneka. Mvula inali itagwa, ndipo linali madzi okhaokha, atsekwe akusambira.

Achimwene anafotokoza mbali yawo, ndipo sananame. Kenako amayi aakulu anatembenukira kwa ine.

"Madzi oumawo anasweka?"

"Sanasweke, amayi."

"Mwana ananyowa?"

"Sananyowe."

"Nanga apolisi amadzatani?"

Ndinayesa kufotokoza. Ndinanena za mchere, za chipaipi, za kutentha kwa dzulo lake. Ndinkalankhula ndi mayi amene ayezi yekha amene anamuonapo ndi wa m'mafiriji a m'golosale, ndipo ndinkamva mawu anga akupepuka pamene ankawoloka nyanja.

"Ndamva kuti mwanayo amasewera pa madzi ouma sabata iliyonse," anandidula. "Umamuperekeza wekha."

"Kumeneko n'kosiyana, amayi. Ndi m'nyumba. Pansi pake pali simenti."

"Madzi ouma ndi madzi ouma. Ndiye kwa azungu umalola, umakhala pansi n'kumaonerera, koma malume ake akati bwera kuno mphwanga, iwe apolisi? Sukulu imeneyi ndi imene anakuvutikira malemu mng'ono wanga?"

Chigamulo chinali chodziwikiratu. Ndinayenera kupepesa. Ndinagwada, ndinayenda ndi maondo kufika pa mapazi a achimwene, ndipo ndinaomba m'manja mwaulemu. Ndinapepesa chifukwa chowakwezera mawu pamaso pa alendo awo. Ndinapepesa chifukwa choopseza anthu osalakwa amene anangobwera kudzadya. Zimenezi ndinanena kuchokera pansi pa mtima, chifukwa zinali zoyenera kupepesa.

"Basi, zatha," anatero amayi aakulu. "Chibale ndi fupa. Mukhululukire mlongo wako."

Achimwene sanandiyang'ane. Ankayang'ana khoma pamwamba pa mutu wanga.

"Ndili ndi funso limodzi," anatero. "Mwanayo akanabwera kwa ine, ukanaimbadi?"

Aliyense m'chipindamo anathamangira kunditsekulira khomo lothawira. Amayi aakulu anati anali mawu a mkwiyo, mkazi aliyense amatero mwana wake akamamudetsa nkhawa. Amuna anga anatsokomola n'kunena kuti akundidziwa, sindikanatero. Mlamu anagwada pambali panga, maso ali ndi misozi.

"Mulamu, kambani chabe ati munali kuyofya. Ni mau yang'ono. Kambani, tidye, visile."

Anali mawu ochepa ndithu, ndipo ndinkadziwa chimene akanandigulira: Khirisimasi m'nyumba imeneyo, malume a mwana wanga, dzina langa kumudzi. Koma ndinkadziwanso kuti nyengo yachisanu imabwera chaka chilichonse, kuti dziwe lija silisamuka, ndi kuti achimwene ali ndi nambala ya mwana wanga. Ndikanati ndinkangoopseza, chisanu chotsatira chikanapeza chiopsezocho chilibe mano, ndipo mwina ine ndikanakhala ndili kuntchito.

"Ndikanaimba, achimwene," ndinatero. "Ndipo mukadzamuitaniranso pa dziwe limenelo, ndidzaimba."

Mu foni munamveka mawu a amayi aakulu akuitana dzina la malemu amayi athu. Achimwene anatambasula dzanja, anaigwetsa foniyo chafufumimba pa tebulo, ndipo mawuwo anapitiriza kumveka mobanika. Kenako anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Mwanayo ndi wako," anatero. "Umulere wekha ndi apolisi akowo. Pa mbumba yanga ndakuchotsa."

Ndinaomba m'manja kachiwiri, monga amachitira munthu wolandira mawu a wamkulu, ndipo ndinadzuka. Ndinapempha amuna anga makiyi a galimoto, ndipo ndinayendetsa ndine.

Papita zaka. Timapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo pa nthawi yopatsana mtendere achimwene amagwira dzanja la amuna anga, la mwana wanga, n'kudumpha langa. Mlamu amandiimbira akakhala yekha m'galimoto. Abusa ayesa kawiri konse kutiyanjanitsa, ndipo ulendo uliwonse nkhani imafika pa funso lomwe lija. Achimwene amalifunsa modekha, ngati munthu amene akupereka mwayi womaliza, ndipo ine ndimawayankha modekha chimodzimodzi.